Mutu 6: Nsofwa ndi Tepi ya Sammy Gold

1. Nyimbo ya eni ake

Kuno ku Kitwe kunalibe munthu wosaidziwa nyimbo ya "Ndidikire pa Geti". Pofika chaka cha 1980 inali itatha zaka zisanu, koma ikangolira pa wailesi amayi ankasiya ziwiya m'madzi, amuna ochokera mumgodi n'kumagwedeza mapewa zipewa zolimba zija zikadali kumutu. Ikatha, woulutsa mawu ankakuwa kuti, "Ameneyo ndi Sammy Gold wathu!"

Bodza lamkunkhuniza! Sammy Gold sanapeke ngakhale mzere umodzi wa nyimboyo.

Anaipeka ndi Ba Lombe Katongo a ku Wusakile, bambo ake a Nsofwa. Ba Lombe anayambira m'kwaya ya tchalitchi ali mnyamata, kenako anaphunzira kuimba limba lamagetsi ku holo ya mgodi. Mu 1967 iwo ndi mnzawo Sampa Kangwa anayambitsa gulu la Furnace Five. Ankaimba nyimbo za soul, zija zoliritsa bambo wandevu popanda manyazi. Disko itafika anangofulumizitsa ng'oma, anthu n'kupenga nazo kuyambira ku Chingola mpaka ku Lusaka.

Sampa anali ndi nkhope, tsitsi la afulo lalikulu ngati dengu, ndi miyendo yosatopa. Ndiye amene anadzitcha Sammy Gold. Ba Lombe anali ndi mutu ndi khosi. Ankakhala kumbuyo pa limba lawo, ndipo mawu okwera aja obaya mtima pakati pa nyimbo anali awo.

Koma mwambo wa kampani yojambula nyimbo unali wosapita m'mbali. Pa chimbale ankalembapo dzina la woima kutsogolo, basi. Nyimbo khumi ndi zisanu ndi zinayi anapeka Ba Lombe, zonse zinatuluka ndi dzina la Sammy.

Mu 1976 khosi la Ba Lombe linatupa. Madokotala anapulumutsa moyo wawo, koma mawu anapita ndi mpeni. Sabata isanathe gulu linali litapeza kale woimba limba wina. Sammy sanapondeko kuchipatala, ngakhale kutumiza lalanje limodzi lokha, ayi ndithu.

Tsopano Ba Lombe ankakonza mawailesi pakhonde, akulankhula monong'ona. Nthawi zina wailesi ikachira m'manja mwawo, choyamba kutulukamo chinali mawu awo omwe. Mwini wailesi ankavina n'kumati, "Koma Sammy ndi katswiri, Bashi Nsofwa!" Umu ndi mmene anthu a kuno ankaitanira bambo a Nsofwa. Iwo ankangomwetulira n'kumanga sikuluwu yomaliza.

Nsofwa sankamwetulira. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali Fomu 4, ndipo Sammy Gold ankamuda ndi mtima wake wonse. Akaona chithunzi chake pakhoma la sitolo ankalavula pansi.

2. Khadi m'thumba la yunifolomu

Mwayi unabwera wokha. Loweruka lina masana ku holo ya mgodi kunali mpikisano wa achinyamata oimba, ndipo woweruza anali Sammy Gold mwini wake. Nsofwa analembetsa kuti ndi Nsofwa Mwaba, kutenga dzina lachiwiri la malemu mayi ake. Atatsegula pakamwa holo yonse inati zii. Mawu a bambo ake anali atatsikira kwa iye.

Sammy sanamuzindikire. Anthu otchuka sayang'ana nkhope za ana a anzawo. Anamupatsa kakhadi kuti Loweruka lotsatira apite ku situdiyo akayankhire nyimbo za chimbale chatsopano.

Lachisanu madzulo azakhali ake, Bana Chewe, anakapeza kakhadiko pochapa yunifolomu. Iwowa anali mlongo wawo wa Ba Lombe, ndipo ndiwo analera Nsofwa chimwalirire mayi ake. Ankagulitsa chikanda, chakudya chophikidwa ndi nsinjiro, pamsika, koma pa utsikana wawo anavinapo kutsogolo kwa Furnace Five. Anamukokera Nsofwa kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala.

"Nsofwa Mwaba ndiye ndani? Dzina la atate ako lakulemera liti?"

"Ndikungofuna kukaimba, azakhali."

"Iwe, usandiyese mwana. Kuimba n'kumene kwakufiiritsa maso chonchi? Ukupita kukatani kwa Sampa?"

Nsofwa anakukuta mano. "Ndikufuna alire. Alire monga momwe Batata, bambo anga, amalirira m'kati osatulutsa mawu. Sindikudziwa kuti ndichita bwanji, koma ndikaona komweko."

Bana Chewe anakhala pa ndowa yovundikira, napukuta manja pa chitenje.

"Khala pansi, undimvere. Sampa ndi munthu woipa, sindikukana. Ine ndinamudziwa nsapato zake zili zobooka, akudya nyemba za amayi anga. Tsiku limene atate ako anatuluka m'chipatala ndinafuna kukamuthira Sampayo madzi otentha. Usaganize kuti mkwiyo unayamba ndi iwe.

"Koma ndikuuze zimene zinandigwira dzanja. Ndili msinkhu wako, woimba gitala m'gulu lomwelo anandilonjeza ukwati, kenako anakwatira namwino wa ku Mufulira. Ndinatenga lezala n'kudula nsambo zonse za gitala, dansi ya ku hotela kumene ankaimba itatsala pang'ono kuyamba. Ndinkati ndamukhaulitsa. Ndinaiwala kuti zida zonse zinali za mwini hotela. Anathamangitsa gulu lonse tsiku lomwelo. Woimba gitala uja anapeza gulu lina mawa lake, koma atate ako anakhala miyezi itatu osakhudza limba, akumaimba ndi zala pa tebulo. Mpaka lero sanandifunsepo, ndipo kusafunsa kumeneko kumandiwawa kuposa mbama.

"Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate wako womwe, khoswe n'kuthawa ali bwinobwino. Atate ako ndi Sampa anaimba limodzi zaka zisanu ndi zinayi. Palibe chinthu cha Sampa chimene mulibe thukuta la atate ako. Ukamenya pamenepo, dziwa kuti wamenya awiri."

"Ndiye tingokhala chete? Batata adzafe anthu akuti wamwalira wokonza mawailesi?"

"Ndani wanena zokhala chete? Ukafuna chilungamo, lowera pakhomo lakumaso. Ukaime pamaso pake unene kuti, ine ndine mwana wa Lombe Katongo, ndabwera kudzafunsa dzina la atate anga. Ukafuna, ndivula epuloni ndikuperekeze, pakamwa panga ukupadziwa. Koma zolowa ndi dzina lobwereka, mtima uli ndi mpeni, zimenezo ayi. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, Nsofwa. Udzadya ndiwe, koma adzagubuduka ndi m'mimba ndi atate ako."

Nsofwa anayankha kuti wamva. Sanamve kanthu. M'mawa mwake anauza bambo ake kuti akupita kukasewera mpira wamanja kusukulu, n'kukwera basi ya m'tauni.

3. M'chipinda cha mathireyi a mazira

Situdiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Makoma ake anali okhomedwa mathireyi a mazira kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Kuseri kwa galasi kunali Ba Siame, mkulu wa imvi amene ankayendetsa makina ojambulira kuyambira kampani itangotsegulidwa. Tepi inali yokulungidwa pa gudumu lalikulu ngati chivundikiro cha poto.

Sammy Gold anafika mochedwa ndi ola lathunthu, atavala buluku loyera lotambalala kumiyendo ndi nsapato za gogoda. Mimba inali itayamba kukankha malaya.

"Kamtsikana ka ku holo kaja kabwera? Eya, ima apo. Ndikati 'bwera', iwe uziti 'ndabwera', mokweza. Osandipitirira, wamva? Nyenyezi pano ndi imodzi."

Anajambula nyimbo zinayi. Pamene Sammy ankalephera kufika pamwamba, mawu a Nsofwa ankakwera n'kutseka dzenjelo. Ba Siame anavula magalasi namuyang'anitsitsa.

"Mwana iwe, mawu amenewa ndinawamvapo kwinakwake. Kwanu n'kuti?"

"Ku Chamboli, Ba Siame," ananama Nsofwa.

Popuma, Ba Siame anatenga katepi kakang'ono nakaika pa kabokosi kachitsulo kokhala pakona. Anadina batani, kabokosiko n'kuyamba kung'ung'uza. Anazunguza katepiko pang'onopang'ono, nakatembenuza, nakazunguzanso.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa Nsofwa.

"Ameneyu ndi fisi wathu," anaseka Ba Siame. "Amadya mawu osasiya ndi fupa lomwe. Matepi amachokera kunja ndipo akusowa, ndiye bwana wa kampani amati akale tizifufuta n'kujambulapo zina. Apa panali kwaya ya ku Luanshya, Lolemba pakhala malonda a sopo. Usamuyandikire ndi wotchi, amaononga."

Nyimbo yomaliza itatha, Nsofwa anapita kwa Sammy amene ankapesa afulo yake pagalasi.

"Ba Sammy, kodi dzina langa likhalapo pa chimbale?"

Anyamata a gulu anaseka mpaka woimba ng'oma anagwetsa ndodo.

"Tamumvani! Tsiku limodzi lokha," anatero Sammy, "wayamba kale kufuna dzina. Oyankhira salembedwa, mwana iwe."

"Nanga opeka? Amene anapeka 'Ndidikire pa Geti' analembedwa pati?"

Chipeso chinaima m'tsitsi. Sammy anayang'ana anyamata ake, naona kuti akumvetsera, ndiye anakweza mawu.

"Wamva kwa ndani zimenezo? Tamvera ndikuphunzitse. Anthu amagula nkhope. Mawu ali paliponse, kutchalitchi aliko aulere Lamulungu lililonse. Wina akadwala umaika wina, dansi siima. Pita ukawerenge, mayeso ali pafupi."

Kunena zoona, mawu amenewo ngakhale m'busa akanamupsetsa mtima. Nsofwa anatembenuka n'kumusiya pagalasi pomwepo.

4. Fisi adya

Nthawi yomweyo kunafika wojambula zithunzi wa nyuzipepala. Anati onse atsike akajambulidwe pa galimoto yofiira ya Sammy. Ba Siame anachotsa tepi pa makina, naiika m'bokosi lake, naika bokosilo pa shelefu. Nawonso anatsika, poti Sammy ankafuna anthu ambiri omuzungulira.

Nsofwa anatsika nawo masitepe asanu, kenako anati, "Ndaiwala juzi yanga." Palibe amene anacheuka.

M'chipindamo munali zii. Pa shelefu panali bokosi lija, ndipo pamsana pake panalembedwa ndi inki yakuda yozilala: SAMMY GOLD. Dzina limodzi, monga mwa masiku onse.

Anadziwa kuti mawu ake omwe ali m'menemo, nyimbo zoyamba kujambula pa moyo wake. Sanasamale. Anatulutsa gudumu lija, naliika pa kabokosi kachitsulo, nadina batani. Fisi anayamba kung'ung'uza. Anazunguza tepi pang'onopang'ono monga anaonera.

"Iyi ndi ya chipatala chimene sunapondeko," ananong'ona. Anaitembenuza. "Iyi ndi ya lalanje." Anaizunguzanso kachitatu kuti pasatsale kanthu. "Iyi ndi ya nyimbo khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ugulitse nkhope yakoyo tione."

Anabwezera tepi m'bokosi, bokosi pa shelefu, natenga juzi yake. Pansi anapeza Sammy atakhala pa boneti, mano onse pamtunda. Nsofwa anamugwadira pang'ono mwaulemu potsanzika, ndipo mtima wake unali mbee. M'basi anaimba njira yonse mpaka kondakitala anamufunsa ngati wapambana mayeso.

Kunyumba Bana Chewe anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mpira wamanja wa lero unalibe fumbi, eti?"

Nsofwa anangowadutsa n'kulowa m'nyumba.

5. Alendo a Lamulungu

Mawa lake, anthu atangoweruka kutchalitchi, galimoto yofiira inalowa mu Wusakile ikuzemba maenje. Ana anaithamangira akukuwa, "Sammy Gold! Sammy Gold!" Inaima pakhomo pa Ba Lombe.

Nsofwa anali m'khichini akusenda mtedza. Atasuzumira pawindo, mbale inamupulumuka. Anaganiza kuti abwera kudzamugwira. Koma Sammy anatsika akumwetulira mwamanyazi, ndipo pambuyo pake Ba Siame ananyamula makina oimbira tepi ndi bokosi lija kukhwapa.

Bana Chewe anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ha! Sampa Kangwa! Njira waikumbuka lero? Kapena galimoto yasochera?"

"Bana Chewe, ndilekeni ndilowe. Mukanditukwana pambuyo pake, ndikuyenera."

Ba Lombe anadzuka pa benchi yawo, nasuntha mawailesi kuti alendo akhale. Anthu oyandikana nawo anadzaza pabwalo. Sammy anavula magalasi akuda, nawapinda, nawatambasulanso.

"Mune, mnzanga, sindinama. Zimbale zanga ziwiri zapitazi sizinayende. Anthu akuti Sammy watha, ndipo ine ndikudziwa chimene chinatha. Ndinakulakwira, ndipo ndinachita manyazi kubwera mpaka manyaziwo anasanduka zaka zinayi. Ba Siame, auzeni ndinu."

Kaya chinamubweretsa ndi chisoni, kaya ndi kugwa kwa malonda, akudziwa yekha. Ba Siame anaika bokosi pa maondo.

"Bashi Nsofwa, mukukumbuka sabata ija musanapite kuchipatala? Munabwera nokha masana, n'kuimba nyimbo zinayi ndi limba lokha. Ina inali ija munaimbira malemu akazi anu."

Ba Lombe anagwedeza mutu. Ananong'ona, "Anafufuta. Anandiuza."

"Bwana analamula kuti ndifufute, inde. Ine manja anakana. Ndinatenga inki n'kulemba dzina la Sammy pa bokosi, chifukwa tepi ya Sammy palibe amene akanayerekeza kuipatsa fisi. Yakhala pa shelefu zaka zinayi, bwana akuidutsa tsiku ndi tsiku. Chaka chino matepi akuluakulu sanabwere, ndipo yokhayi ndi imene inali ndi malo kumapeto. Ndiye nyimbo za Sammy tajambula pomwepo, motsatira zanu. Sabata yatha ndinamuimbira zanuzo. Analira ngati mwana, musamuone kunyada apa."

"Chimbale chikhala cha mbali ziwiri," anatero Sammy. "Mbali ina ine, mbali ina iwe. Bwana ndalimbana naye masiku atatu mpaka wavomera. Palembedwa kuti Lombe Katongo, zilembo zazikulu ngati zanga. Chabwino, zocheperako pang'ono."

Anthu anaseka, amayi ena analulutira. Bana Chewe anagwira pakamwa. Ba Lombe anagwetsa misozi. Kenako anakodola mlongo wawo namunong'oneza.

"Akuti muitane Nsofwa," anatero Bana Chewe. "Akuti mwanayu sanamvepo nyimbo ya mayi ake. Nsofwa! Tuluka, iwe!"

Nsofwa sanatuluke. Anali atatsamira khoma la khichini.

Ba Siame analumikiza makina ku magetsi, nakoleka tepi, nadina batani. Magudumu anayamba kuzungulira. Pabwalo ponse panati chete, ngakhale ana. Ba Lombe anasendeza khutu pafupi, maso atatseka, zala zili okonzeka pa bondo ngati pa limba.

Munatuluka kamphepo kokha. Sssss.

"Dikirani, poyamba pamakhala malo," anatero Ba Siame.

Anadikira. Sssss. Ba Siame anathamangitsa tepi kutsogolo, naimitsa, nadinanso. Kamphepo komweko. Anayesa pakati, anayesa kumapeto kumene kunali nyimbo za dzulo. Anagwedeza mawaya, napukuta makina ndi mpango.

"Palibe ina?" ananong'ona Ba Lombe. "Simunakopere pena?"

"Ndikanakopera pa chiyani, Bashi Nsofwa? Inali yokhayi." Mkuluyo anakhala pansi pa dothi ndi buluku lake la kutchalitchi. "Iyi si ngozi ayi. Tepi iyi yadyedwa ndi fisi, mbali zonse. Dzulo ndinaiika pa shelefu ndi manja angawa ili yamoyo."

"Ndani?" anabangula Sammy. "Ndani anatsala m'chipinda muja? Ndimupha!"

"Tonse," anatero Ba Siame, "tinatsika kukajambulitsa. Kupatula kamtsikana kaja kanabwerera juzi."

Bana Chewe anatembenuka pang'onopang'ono, nalowa m'khichini. Anatuluka atagwira Nsofwa pa mkono, namuimika pakhomo pamaso pa anthu onse.

Sammy anadzuka, kukamwa kuli yasa. "Iwe? Nsofwa Mwaba wa ku Chamboli? Ukutani m'nyumba muno?"

"Dzina lake ndi Nsofwa Katongo," anatero Bana Chewe.

Makina anali akuzungulirabe. Ba Lombe anatambasula dzanja nawazimitsa okha. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kukalipa sakanatha, poti analibe mawu okalipira. Anangokweza chala chimodzi namukodola kuti abwere pafupi, pamene akanatha kumva kunong'ona kwawo.

Kuchokera pakhomo kufika pa benchi panali mapazi asanu okha. Nsofwa anaponda loyamba.